Galimoto Imene Inkalimbana Nane

Assalamu alaikum abale ndi alongo, nanunso anzathu Achikhristu landirani moni. Ine ndine dalaivala pa loji ina ku Nkopola, ndipo chaka chatha ntchito inangotsala pang'ono kundithera chifukwa cha galimoto yatsopano.

Abwana anagula galimoto yonyamulira alendo, imodzi mwa zamakono zija zokhala ndi kamera yoona mizere ya mumsewu. Ukayamba kupatuka osayatsa indiketa imalira, ndipo chiwongolero chimadzikhotetsa pang'ono kukubwezera pamzere wako. Anzanga ankaiyamikira, koma ine inali nkhondo tsiku ndi tsiku. Ndikangolowa msewu wa ku Liwonde, chiwongolero chinkandikokera kumanja pamene ine ndikuona kuti ndili bwinobwino. Ndinkalimbana nacho, galimoto n'kumayenda mopepeluka ngati woyendetsa waledzera, chonsecho mowa sindinaulawepo.

Alendo anayamba kudandaula. Makaniko anaiyeza osaipeza vuto, ndiye abwana anati wina akadandaulanso ndipereke makiyi. Chakudya chinasiya kukoma. Lachisanu ndinatsalira mumzikiti anthu atatuluka, ndipo dua yanga inali yaifupi: Allah, ngati vuto lili mwa ine, ndionetseni.

Mlungu wotsatira abwana ananditumiza ku boma kukatenga mayi wina wachikulire wa ku Malindi, namwino wopuma ntchito. Anakhala kutsogolo. Galimoto italira kangapo anati, "Achimwene, taimani pambali." Mumtima ndinati basi, ntchito yatha.

"Tsekani diso lakumanja ndi dzanja. Chikwangwani icho mukuchiona?"

Abale anga, ndinangoona chifunga chokhachokha. Diso lakumanzere linali litachita khungu pang'onopang'ono ine osadziwa, linzake likugwira ntchito lokha.

"Galimotoyi sikulakwa," anatero mayi aja. "Mumalowera kumphepete. Iyi ikuoneka ngati ng'ala, ndipo amachotsa."

Ndinayang'ana akabaza amene ankadutsa m'mphepete mwa msewu atakweza amayi ndi ana. Chiwongolero chimene ndinkachinyoza chija chinkanditchinjiriza kuti ndisawagunde.

Mayiwo anaimbira okha abwana, n'kubwera dalaivala wina kudzatitenga. M'malo mondichotsa, abwana anandipatsa tchuthi choti ndipite kuchipatala. Kumeneko madokotala anapeza kuti ng'ala inali itayambanso m'diso lakumanja, ndipo anandichita opaleshoni maso onse awiri. Tsiku limene anamasula bandeji ndinaseka ngati mwana! Chitenje cha akazi anga, Abiti Saidi, chimene ndinkati n'chotuwa, chinali ndi maluwa ofiira. Iwo anati, "Ndiye nthawi yonseyi ndimatchenera ndani?" Wodi yonse inafa ndi phwete.

Lero ndili pantchito, manja onse pachiwongolero, ndipo ine ndi galimoto ija sitikanganenso. Ikandigwedeza pang'ono, ndimamvera. Alhamdulillah. Ndikuthokoza Allah, abwana anga, ndi mayi a ku Malindi amene anandisamala osafunsa za chipembedzo changa.

Inu amene zakuthinani, musasiye kupempha, yankho limabwera. Ndipo madalaivala anzanga, chonde kayezetseni maso, onse awiri, lililonse palokha.