Pamene Besi Imakhala Chete

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1948 kufupi ndi Demopolis ku Alabama, ngakhale kusukulu analemba 1947, ndipo eni akewo ankasankha chaka malinga ndi amene wafunsa. Dzina lawo ndi bambo Elroy Gatewood. Ine ndine Hosea, mng'ono wawo. Anamfedwa mundikhululukire, mbiri imene ndinakonza Lachiwiri si imene ndikuwerenga lero. Zinthu zasintha dzulo, ndipo mutu wanga sunakhazikikebe.

Mu 1955 banja lathu linasamukira kuno ku Dayton, bambo athu atapeza ntchito ku fakitale ya zipangizo za galimoto, komanso ubusa mu mpingo uno. Malemu anamaliza sekondale mu 1966. Kuimba anayambira pakona apo pali maluwapo, ndi gitala ya besi imene mpingo unagula. Akagunda chingwe chachikulu, zipewa za amayi a m'mipando ya kutsogolo zinkanjenjemera.

Mu 1970 anakwatira mayi Vernice, amene anatisiya kale, ndipo mu 1972 Mulungu anawapatsa mwana wamkazi. Mwanayo ali muno, wakhala kumbuyo kwenikweni. Atafika kuchokera ku Chicago anandikokera pambali n'kunena kuti, "Bambo aang'ono, powerenga ana ine mundidumphe. Munthu sanandiitanepo ali moyo, lero ndikhale mwana wake poti ali m'bokosi?" Ndinamulonjeza. Lonjezo limeneli ndi limene landisowetsa mtendere.

Mu 1974 malemu ndi anzawo a ku fakitale anayambitsa gulu lotchedwa Shifiti Yachitatu. Anauza bambo athu kuti akuimba nyimbo za mzimu, zija zovina zimene pachingerezi amati "soul." Bambo anamva ngati akuti zauzimu, mpaka analengeza paguwa pano kuti mpingo wonse ukagule chimbale chikangotuluka. Ataona chikuto chake, anyamata zifuwa zili pamtunda, nsapato zazitali ngati aponda njerwa, anachiponya m'mbaula. Kuchokera tsiku limenelo zimbale zimenezo kwathu sitinazimverepo. Ena amati ndi fanki, ena amati ndi disiko. Kusiyana kwake musandifunse ine.

Zimbale zinatuluka zitatu, mu 1975, 1976 ndi 1978. Chachiwiricho ndi chimene chinawatengera m'misewu, lero mzinda uwu mawa mzinda wina. Pamaliro sitibisa: malemu analakwa. Mayi Vernice anatopa n'kudikira, anatenga mwana kubwerera kwawo ku Chicago, ndipo malemu sanawatsatire. Gulu litatha mu 1980 anabwerera ku fakitale. Mu 1983 anakwatira mayi Earline, ndipo mu 2008 anapuma pantchito n'kukhala dikoni. Za mwana woyamba ankangoti zii. Wina akamutchula, iwo ankadzuka kuti akaone galimoto panja.

Anayamba kudwala impso mu 2021 ndipo anatisiya pa 14 Novembala 2023. Mbiri yanga ya Lachiwiri inathera pamenepa.

Dzulo poona nkhope kunabwera anthu amene sitikuwadziwa. Ena ochokera ku New York, awiri ku Mangalande, wina ku Osaka, aliyense chimbale chachiwiri chili m'khwapa. Akafika pabokosi ankawerama n'kunong'ona kuti "Nobi." Ndinayesa asokoneza maliro. Nditafunsa mmodzi, anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Anati, "Agogo, zoona simukudziwa? Kuseri kwa chimbalechi, nyimbo yoyamba, munthu amakuwa kuti Nobi, besi n'kukhala chete, kutsala ng'oma zokha. Pamenepo ndiye pamene dziko lonse limavinira!" Ndinafunsa tanthauzo la liwulo. Wina anati ndi "dzukani muvine," wina anati ndi chilankhulo cha ku Africa. Wa ku Osaka anati kwawo nobi ndi kudziwongola, ndiye akafika pamenepo onse amakweza manja. Anayamba kutsutsana pafupi ndi mtembo.

Ndinapita kwa bambo Purvis Tate, amene ankaimba ng'oma, okhawo otsala pa gulu lija. Anaseka mpaka mano awo oikirira anagwedera. Anati, "Hosea, wakalamba koma ukadali mbuli! Chilankhulo cha ku Africa chake chiti? Tinkajambulira m'galaja, chitseko chili pululu chifukwa cha kutentha. Kamwana ka Elroy kanathamangira mpira kumsewu, lole ikubwera. Mkulu wakoyo anakuwa, gitala pansi, liwiro. Ine ndinali nditatsinzina, ndinangopitiriza kumenya. Ukamvetsere besi ikamabwerera, ikunjenjemera. Ankaimba mwana atamukumbatira mwendo."

A Purvis akuti mwana woyamba uja malemu ankamutcha Nobi, iwo okha, podula dzina lake. Akutinso a kampani ya zimbale anafuna kufufuta mfuuyo, malemu anati akaifufuta gitala aisiya. Ndipo m'holo iliyonse imene anaimbamo, akafika pamenepo ankakuwa dzinalo, manja n'kuchotsa pazingwe. Anthu ankalumpha ndi chimwemwe, iwo ataima chilili.

Anamfedwa, ine sindikudziwa choti ndichite nayo nkhani imeneyi. Sindikuti ikufafaniza zaka zonse zimene mwanayu anakula opanda bambo ake. Munthu amene anataya gitala chifukwa cha mwana ndi yemweyonso anataya mwana chifukwa cha gitala, ndipo ndinagona naye chipinda chimodzi ubwana wonse osamudziwa. Ankatha kuitana pamaso pa chikhamu cha anthu, koma kukweza foni kunawakanika. Bwanji? Ndawafunsa dzulo pabokosi, sanandiyankhe. Zikundipweteka.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Earline, ana aamuna awiri, Darnell ndi Cedric, zidzukulu zisanu, ndi ine mng'ono wawo. Tikuthokoza anamwino amene ankawatsuka magazi mosatopa, amayi a mpingo amene akhala akukazinga nkhuku ndi kuphika makaroni chiyambire Lachitatu, a kwaya, ndi alendo athu ochokera kutali, ngakhale munandizunguza mutu. Tikuthokozanso abusa, amene alola kuti chimbale chachiwiri chija, chinzake cha chimene bambo athu anachiwotcha, chimveke m'nyumba ino koyamba.

Mwana wanga wakhala kumbuyowe, lonjezo ndasunga. Powerenga ana ndakudumpha monga unanenera. Koma pali munthu wina amene sanalonjeze kanthu, ndipo akuitana yekha m'chimbalemu. Kuyankha kapena kusayankha zili kwa iwe, palibe akukakamize.

Mzimu wa achimwene anga, bambo Elroy Gatewood, uwuse mumtendere. A Purvis, tembenuzani chimbalecho, muike singano. Chonde alendo, ulendo uno wokha musavine.