Masanzi M'galimoto ya Namwino

Abale ndi alongo, ntchito yanga inali yokatenga magalimoto a anthu kudoko la Dar es Salaam n'kuwabweretsa kuno ku Karonga. Msewu ndinkaudziwa bwino. Mowa ndinkaudziwa koposa.

Galimoto ikatsika m'sitima, dalaivala aliyense amayamba watsegula boneti, kuona madzi, oyilo ndi mapaipi. Ine ndinasiya kalekale. Ndinkati zimenezo n'za ophunzira.

Ulendo wina ndinakatenga galimoto ya Mayi Phiri, namwino wa ku Dedza amene amagwira ntchito ku Mwenilondo. Inali yoyamba pamoyo wawo. Anaigula kuti azipitira kuchipatala ndi mayi awo, omwe anafa miyendo.

Pamapiri a Kitonga, ku Tanzania, paipi ya rediyeta inaphulika. Ndinayendabe mpaka injini inazima yokha. M'galimoto munali mabotolo ambiri, koma la madzi munalibe. Ndinamwa mowa wotsalawo n'kugona.

Ndinadzuka dzuwa lili paliwombo. Ndinali nditasanza pachiwongolero ndi pampando. Thalauza linali lonyowa, ndipo sanali madzi. Ntchentche zinali pamilomo. Nyani anakhala paboneti, anandiyang'ana, n'kuchokapo.

Lole ina inaima. Munatsika a Mwangolera, mkulu wa mpingo wa ku Ngara. Anamanga paipi ndi mphira ya chubu, n'kuthira madzi awo akumwa.

"Adada, galimoto iyenda," anatero atagwira mphuno. "Nanga inuyo tikumangeni ndi chiyani?"

Anavula malaya awo, anandipukuta nawo kumaso, n'kundipempherera pamsewu pomwepo, mabasi akudutsa. Ndinadzinyansa. Ndinalira, ndipo ndinapereka moyo wanga kwa Yesu.

Pa boda ya Songwe, pomwe Mayi Phiri ankandidikira, ndinawauza zonse, injini ikugogoda. Analowetsa mutu pawindo n'kuutulutsa msanga.

"Masanzi ndimapukuta tsiku ndi tsiku, bambo," anatero. "Koma a odwala."

Galimotoyo inakhala kwa makaniko dzinja lonse. Mayi awo ankapitabe kuchipatala pa kabaza, atawamanga ndi chitenje kumsana kwa wopalasa. Ndinawaona ndi maso angawa. Zimenezo kulira kwanga sikunafufute.

Mowa sindinaulawenso. Alemekezeke Ambuye amene sananyansidwe nane.

Ngati muno muli wina amene akudzinyansa yekha, usati ukasambe kaye. Bwera momwe ulilimo.