Kulemera kwa Laputopu ya Mwana Wanga

Ine, amene pamsika amanditchula kuti Mayi Kilo, wa zaka 52, wokhala kuseri kwa msika waukulu, nyumba yachitatu kuchokera pampopi, wogulitsa mpunga ndi nyemba, ndikunena izi pano pa polisi:

Ndili ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka 19. Amayenda ndi ndodo ziwiri chichitireni ngozi ya njinga yamoto ali ndi zaka khumi. Katundu wake yense amaberekera kumsana chifukwa manja amakhala pa ndodo. Chaka chino wasankhidwa kukaphunzira za mankhwala ku koleji, ndipo kalata yawo ikuti aliyense abwere ndi laputopu. Titakaona malowo mwezi watha, ndinawerenga masitepe 46 kuchokera pansi kukafika m'kalasi mwake.

Lachiwiri sabata ino, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinapita ku shopu ya makompyuta yoyang'anana ndi siteji ya basi. Anandiperekeza alamu anga, amuna a mng'ono wanga, amene ndi dalaivala ndipo amati makompyuta amawadziwa. Ine pa zimenezi ndine mbuli, sindibisa. Koma kulemera kwa chinthu ndiye ntchito yanga, choncho ndinanyamula sikelo yanga m'chikwama.

Mwini shopu, bambo wamtali wovala magalasi, anatiyalira malaputopu atatu pa kauntala. Yoyamba inali yakuda, ya sikirini yaikulu ngati thireyi, ndipo ndiyo inali yotchipa. Yachiwiri inali yotuwa, yocheperako, ndipo iye anati batire lake limakhala maola atatu. Yachitatu inali yotuwanso, ukayang'ana pamwamba sungaisiyanitse ndi yachiwiri, koma inali yopyapyala ndipo batire lake amati limakhala maola khumi. Kusiyana kwa mtengo wa ziwiri zotuwazi kungagule matumba awiri a mpunga.

Alamu ndi mwini shopu anakambirana za memore ndi liwiro kwa mphindi ngati makumi awiri, ine ndili chilili ngati mtengo wa magetsi. Pomaliza alamu anandiuza kuti, "Mlamu, tengani yakudayi, awa ndiye makina. Inayo mukungogula kukongola." Ndinawafunsa kuti adzaikweze ndani masitepe 46, iwo kapena mwana?

Apo ndinatulutsa sikelo n'kuiika pa kauntala. Yakuda inalemera makilo awiri ndi magalamu 600. Yotuwa yachiwiri makilo awiri ndi magalamu 200. Yopyapyala kilo imodzi ndi magalamu 300. Alamu analemba manambalawa kuseri kwa kalata ya ku koleji, ndipo kalatayo ndabwera nayo. Ndikuyeza choncho, mwini shopu ananena mokweza kuti, "Amayi, kuno si kunyemba." Anthu anayi amene anali m'shopumo anaseka, alamu nawo anaseka. Ndinachita manyazi.

Ndinasankha yopyapyala. Ndikamagula mpunga kopikula, thumba limene ndasankha ndimalilemba K ndi cholembera chakuda chosafufutika, kuopa kundisinthira pokweza. Dzanja linachita zomwe linazolowera. Mwini shopu atatembenuka kukatenga buku la malisiti, ndinaitembenuza laputopuyo n'kulemba K wamng'ono kunsi kwake, pakona ya kumanzere, pafupi ndi kaphazi ka labala. Alamu anandiona, nanditsina pamkono.

Ndinalipira ndalama zonse. Mwini shopu anati akaikemo mapulogalamu, ndipo anatenga malaputopu onse atatu n'kulowa nawo m'chipinda chamkati. Anakhalamo mphindi pafupifupi makumi anayi. Anatuluka ndi katoni yomata kale ndi tepi mbali zonse. Pa lisiti analemba kuti laputopu imodzi yotuwa, basi.

Apa ndiye ndinalakwa ine, ndipo lembani momwemo. Zaka makumi awiri pamsika sindinamangepo jumbo ya munthu asanaone muvi wa sikelo ndi maso ake. Koma tsiku limenelo, poopa kusekedwanso, katoni ija sindinaitsegule kapena kuiyeza. Alamu anainyamula mpaka kunyumba. Ndinaibisa pansi pa bedi kuti ndimpatse mwana tsiku limene abale abwere kudzatsanzikana naye.

Dzulo Lachinayi, cha m'ma 4 koloko masana, mwana anatsegula katoniyo pamaso pa azakhali ake ndi mng'ono wanga. Anandithokoza kwambiri. Kenaka anaika laputopu ndi chaja m'chikwama, n'kubereka, kuti ayesere pa masitepe atatu a pakhonde pathu. Pa sitepe yachiwiri chikwama chinamukokera kumbuyo, ndodo ya kumanja inaterereka, ndipo anagwira chitseko. Anayesanso kachiwiri akuseka.

Ndinamulanda chikwamacho, ndipo dzanja linandiuza ndisanafike n'komwe pa sikelo. Laputopu yokha inalemera makilo awiri ndi magalamu 200. Ndinaitembenuza, K panalibe. Titaiyatsa, batire linatha maola awiri asanakwane. Ndinamufunsa mwana chifukwa chake sananene kuti ikulemera. Anandiyankha kuti, "Amayi, ndimayesa ndi yomwe mwakwanitsa. Musadandaule, msana uzolowera." Mawu amenewa andipweteka kuposa ndalama.

Lero Lachisanu, 8 koloko m'mawa, ndinabwerera ku shopu ndi alamu, katoni ndi lisiti. Mwini shopu anati anandipatsa yomwe ndinasankha, ndiponso kuti katundu akatuluka sabwerera. Nditamuonetsa manambala a pa kalata, anati, "Mwina sikelo yanuyo ndi yobera." Iii, ine wobera? Sikelo imeneyi inapimidwa ndi oyang'anira masikelo chaka chomwe chino, chidindo chake chili pambali, muchione. Ndinamuyankha mawu ena amene sindifuna kuti mulembe, koma sindinamukhudze.

Ndili pomwepo ndinaona laputopu yotuwa yopyapyala m'kabati ya galasi kuseri kwa kauntala, pa shelefu yachiwiri kuchokera pamwamba, atamata mtengo watsopano. Ndinali pa mtunda wa masitepe awiri okha. Ndinamupempha katatu kuti angoitembenuza tione kunsi kwake. Anakana, n'kuitana mlonda kuti atitulutse. Tinafika kuno 9 koloko itangodutsa.

Ndasiya m'manja mwanu laputopu yolemera, katoni, lisiti, kalata ya ku koleji ndi sikelo yanga. Popanda sikelo benchi langa likhala lotseka, koma palibe kanthu, ikhale konkuno muiyese nokha. Za K sindinamuuze mwini shopu, ndipo alamu ndawaletsa kutsegula pakamwa. Chimene ndikupempha si ndalama ayi. Wapolisi mmodzi apite lero shopu isanatsekedwe, akaitembenuze laputopu ya m'kabatiyo munthu wina asanaigule. Mwana akwera basi Lolemba 7 koloko m'mawa, ndipo pamene ndimachoka kunyumba ndinamusiya pakhonde, atadzaza mabuku m'chikwama, akukwera ndi kutsika masitepe atatu aja kuti msana uyambe kuzolowera.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera, ndipo ndi mawu anga.

Wodandaula: K
Wolemba umboni: wapolisi wa pakauntala