Kalata imene inapulumuka pa mbaula

Abusa, akulu anzanga, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Ndanyamula pepala, musadabwe, mumandidziwa.

Ndimayang'anira makompyuta pa kampani ina yokonza mapepala a malole pa malire a dziko ku Mwami. Zolemba zathu zonse zimasungidwa mu detabesi, tingoti nkhokwe. Alembi amafika kunkhokweko kudzera m'mizere khumi yolumikizira, ngati ya foni, yobwerekana: wina akamaliza, mzere umadikira mnzake. Mzere uliwonse umasunga mafunso okonzeratu, kuti usamayambirenso lole iliyonse ikafika. Ine ndinaika lamulo loti mzere ukatha theka la ola utsekedwe pamodzi ndi mafunso ake, patsegulidwe wina.

Kunabwera katswiri wa ku Lusaka. Anati kutsekatseka kumachedwetsa ntchito, n'kuchotsa lamulo langa. Ndinalemba kalata yochenjeza kuti nkhokwe ikadzasintha, mizere yakale idzakana. A manijala anasaina, anadinda, osawerenga. Osawerenga, abale.

Mwezi watha anawonjezera malo atsopano pa fomu ya katundu, nkhokwe n'kusintha kamangidwe. Kutacha, pepala lina likutuluka, lina likukana. Malole anandanda mumsewu. Dalaivala wina anasuzumira pawindo, amvekere, "Madala, wakalamba ndani, inu kapena makinawo?"

A manijala anandiitana. "A Zulu, musakhudzenso kanthu. Nthawi yopuma yakwana. Mawa mutisiyire makiyi."

Zaka zonsezi, ine kuchoka ndi dzina loti ndinawononga ntchito ya anthu.

Sindinakangane nawo. Ndinapemphera, ndinatenga kope langa, ndinalemba mzere uliwonse wokana ndi nthawi imene unatsegulidwa. Yonse yokana inali yakale, yogwirabe mafunso akale, kufunsa nkhokwe imene inali itasintha. Itatu yokha, imene inaduka ndi netiweki n'kutsegulidwanso, ndiyo inkagwira ntchito.

Kalata ija kuofesi inali itasowa. Ina yofanana nayo, yosainidwanso, inali m'katoni pansi pa bedi kwathu ku Navutika, katoni yomwe amayi akunyumba, awo akhala apo, ankafuna kuyatsira mbaula nthawi yozizira. Mulungu anawagwira dzanja.

Mmawa ndinaiyala patebulo. Ndinati, "Bwana, ndime yachiwiri, muwerenge mokweza. Sainiyo ndi yanu." Anawerenga. Anawerenganso chamumtima. Kenaka anati, "Kakonzeni."

Ndinatseka mizere yakale, ndinabwezera lamulo la theka la ola. Tiyi asanazizire, lole yoyamba inali itanyamuka.

Sanapepese, ndipo ndalemba m'kope kuti sanapepese. Koma ndawakhululukira, abusa, zimenezonso ndalemba. Kalata ndi iyi. Makiyi ndi awa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga dzina langa, amene sataya pepala la munthu wake. Kondwerani nane, abale, imirirani tiyimbe. Amayi, nthungululu muyambe ndinu, chifukwa mukanayatsa mbaula ija, bwenzi lero tikulira tonse.