Chala cha Atsibweni pa Pepala la Boma

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, abale anga mwa Ambuye, moni nonse.

Ine ndaima pano kuti ndichitire umboni. Mundikhululukire, sindinayambe ndaimapo kutsogolo kuno. Ndinalemba papepala kuti ndisasokoneze. Mwana akalira kumbuyoku musandiseke, ndipitiriza ndithu, chifukwa ndikapanda kunena lero chinthu chimenechi chindiphulika m'chifuwa.

Ambiri mukundidziwa. Ndine Nabanda, amake Esinati, ndimaphunzitsa ana pa kasukulu kathu ka m'mudzi cha ku Chipangali uko. Sindine wophunzira kwambiri ayi, ndinalekera Sitandade 4. Nkhondo ya azunguyi itayamba kutenga anthu, inatenga mphunzitsi amene ankaphunzitsa Chingerezi, inatenganso mwamuna wanga, tsiku limodzi, lole imodzi, ine ndili ndi pakati. Aphunzitsi aakulu anangonditambasulira buku nati, “Iwe Nabanda, uziwawerengera anawa.” Ndinatenga. Ine kuwerenga mzere, ana kubwereza, ine kuwerenga, ana kubwereza, ngati achule m'dambo. Zimene tinkafuulazo ana sankazimva. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu, zina ngakhale ine sindinkazimva.

Chimanga chitayamba kuuma m'munda kunabwera woyendera masukulu pa njinga. Anakhala kumbuyo, chete, kumvetsera. Ana atatuluka anati, “Mayi, mtima muli nawo, koma njira mulibe. Boma lanena kuti aliyense wophunzitsa Chingerezi akhale ndi setifiketi. Wopanda setifiketi chaka chamawa atula choko. Koma ku misheni yaikulu kuli maphunziro a miyezi itatu nthawi yachisanu. Lole alipira a boma, chakudya a boma, mabuku a boma, ndi bulangete lomwe. Malo a akazi ndi awiri okha, ndipo ndalemba dzina lanu. Pepala ili likafike ku ofesi ku Foti Jemusoni mwezi uno usanathe.”

Kutula choko! Amayi, inu mukudziwa. Mwamuna kulibe, mwana ali kubere, choko chimenecho ndiye mchere wanga, ndiye sopo wa mwana uyu. Ndinagwira pepalalo ndi manja awiri.

Koma pansi pake panali mzere umodzi: mkazi wokwatiwa, mwamuna wake alembe dzina kuti walola. Mwamuna wanga ali kutsidya kwa nyanja yamchere, kumene kalata imayenda miyezi. Ndinamulembera ndithu tsiku lomwelo. Mukudziwa yankho lafika liti? Sabata yathayi, zonse zitatha kale! Ndipo walemba kuti, “Mukundifunsiranji ine? Kodi atsibweni anu amwalira?”

Eya, sekani, koma ananena zoona. Inu a Chingoni muli pano mwina kwanu n'zina, koma kwa ife Achewa mwini wake wa mkazi ndi ndani? Ndi atsibweni, mlongo wawo wa amayi, mwinimbumba. Ndikadwala amaitanidwa ndi iwo. Ukwati wanga anaumanga ndi iwo. Mwana uyu ndi mbumba yawo. Choncho ndinapita kwa iwo. Atsibweni anga mukuwadziwa, si Mkhristu. Akazi ali nawo awiri, mowa amamwa, chilembo ngakhale chimodzi sadziwa. Ndinawawerengera pepala lonse, ndinawamasulira. Anati, “Ndiye kuti boma likudyetsa miyezi itatu kuti uwonjezere nzeru? Bweretsa inki.” Anaviika chala chachikulu, anadinda pamzere paja, dii!

Ndinabereka mwana, ulendo. Masiku awiri pansi, kugona kwa achibale panjira, mapazi kuchita matuza. Kufika ku Foti Jemusoni, kufunsa ofesi ya Bwana, mzungu wa boma, kugwada pakhomo. Kalaliki ali pa mpando, tayi pakhosi, pensulo kukhutu. Anayang'ana pepala, anayang'ana mapazi anga, anayang'ananso pepala.

“Chala ichi n'cha mwamuna wako?”

Ndinati, “Ayi bambo, mwamuna ali ku nkhondo. N'cha atsibweni.”

“Atsibweni ndiwo anakukwatira?”

Amesenjala pakhonde anaseka. Abale, anaseka! Ndinati, “Bambo, inunso ndinu mwana wa munthu, mukudziwa mwambo wathu.” Iye anati, “Mwambo ukausiye kumudzi, muno ndi m'boma. Mwamuna akasowa alembe bambo wake kapena mkulu wake. Chala cha wachikunja Bwana sawerenga. Wotsatira!” Anandiponyera pepala pansi. Ndinalitola, mwana akulira, ndinabwerera masiku awiri ena.

Apongozi anga aamuna anamwalira kale. Watsala ndi mkulu wake wa mwamuna wanga. Abusa anandiuza kuti ndisatchule maina, ndipo sinditchula. Koma alamu ndili nawo amodzi okha. Ayi, musatembenuke, yang'anani kuno!

Tsiku la Sabata, titatuluka muno momwe, ndinawatsata kuseri kwa tchalitchi, ndinagwada, ndinati, “Alamu, ndithandizeni dzina lanu pamzere apa.” Anawerenga pang'onopang'ono, chifukwa iwo kuwerenga amatha bwino. Anati, “Mlamu, Chingerezi chimenechi mukachitenge kuti muzilankhula ndi yani? Mng'ono wanga akuzemba zipolopolo, inu mukagone miyezi itatu pakati pa amuna? Ife timadziwa kumene akazi a Chingerezi amathera. Ku mafamu a fodya, kukhitchini kwa mzungu, pobwera ali ndi mwana wa tsitsi lofewa.” Anapinda pepala bwinobwino, anandibwezera, anati, “Tikupempherereni.”

Tikupempherereni! Munthu amene chichokere mng'ono wake sanapondepo pakhomo panga kufunsa ngati denga likudontha. Tsiku limene ndinachira mwana uyu sanatumize ngakhale nkhuni imodzi. Pa mwambo wathu alibe mawu ngakhale pa nkhuku yanga. Koma pepala la mzungu linawapatsa ufumu tsiku limodzi, ndipo ufumu wa tsiku limodziwo anaugwiritsa ntchito kundiponda pakhosi. Lolemba kuchitsime nkhani inali itafika kale. Ndikafika, chete. Ndikatembenuka, “Dona akubwera, dona wa Chingerezi.” Ena mwa inu muli pano, mwavala zoyera, ndikukuonani. Sindikuloza munthu. Ndikungoti ndikukuonani.

Kunatsala masiku atatu kuti mwezi uthe. Ndinapita kumunda kukakumba mtedza, koma khasu silinkalowa. Ndinagwada pamzere, ndinapemphera pemphero lopanda ulemu, Ambuye andikhululukire. Ndinati, “Inu Mulungu, munanena kuti ndinu mwamuna wa akazi amasiye. Ine sindine wamasiye, sindinenso wokwatiwa, ndili pakati. Nanga wa pakati mwamuna wake ndani? Akunja andiseka, Akhristu andinyoza. Ngati mukufuna ndituledi choko, nenani nokha, koma musanditumire anthu awa!”

Ndisanadzuke n'komwe ndinamva kutsokomola kumbuyo. Atsibweni, akuchokera kukaona misampha yawo. Anati, “Iwe, sunapite kusukulu kuja?” Ndinawafotokozera zonse. Sanakwiye ndi za alamu, anangoti, “Ameneyo ndi mlendo, msiye.” Koma nditafika poti chala chawo Bwana sawerenga, nkhope inasintha.

“Wabweza chala changa ndani?”

“Kalaliki, atsibweni.”

“Mayi ake ndi Mzungu?”

“Ayi.”

“Ndiye ali ndi atsibweni ake. Bereka mwana, tiye.”

Anavala jekete lawo lija lopanda mabatani, anatenga ndodo. Munthu wamkulu, bondo lotupa, masiku awiri pansi. Tinafika tsiku lotsiriza la mwezi, dzuwa lili pamutu. Kalaliki atationa anati, “Iwenso? Bwana watanganidwa. Bwerani mawa.” Mawa, pamene akudziwa kuti mawa mwezi watha! Atsibweni anangomudutsa. Anakhala pansi pakhomo penipeni pa Bwana, anatambasula miyendo, anatulutsa fodya wawo wa mphuno. Mesenjala anati, “Madala, chokani apa.” Iwo anati, “Ndinyamule, mwana wanga. Ndatopa kale.” Ine ndikuona ndende, ndikuona chikoti, ndikuganiza kuti mwana uyu ayamwa chiyani akanditsekera.

Chitseko chinatseguka. Bwana akupita kukadya, anatsala pang'ono kuwaponda. Anafunsa kalaliki m'Chingerezi kuti mkuluyu akufuna chiyani. Tsono mvetserani apa, abale. Kalaliki anayankha m'Chingerezi kuti, “Palibe kanthu, Bwana. Ndi nkhalamba yoledzera, yasochera, imafuna ofesi ya msonkho.”

Ankayesa kuti palibe wamva. Koma ine ndinamva! Chingerezi changa cha achule chija, chimene ndinkachita nacho manyazi, chinamva bodza lonse, mawu ndi mawu. Sindikudziwa chimene chinandiimiritsa. Mkazi wakumudzi, wopanda nsapato, kulankhula ndi Bwana asanandifunse! Mawu anatuluka, othyokathyoka, ena chammbuyo. Ndinati si zoona. Ndinati sanaledzere. Ndinati ndine mphunzitsi, awa ndi mlongo wa amayi anga, pepala ndi ili.

Bwana anaima. Anayang'ana kalaliki, kalaliki anayang'ana nsapato zake. Bwana anandiuza kuti, “Iwe womwe umasulire. Mkuluyu anene.”

Atsibweni anapukuta mphuno, osadzuka. Anati, “Umuuze kuti mwamuna wa mwana uyu ndi mkamwini. Tinamupatsa malo, tinamupatsa munda, ndi munthu wabwino, koma ndi mlendo. Mawa akhoza kunyamula mphasa yake n'kupita.” Abale, kumasulira mawu otere za mwamuna wako amene umamukonda! Koma ndinamasulira. Atsibweni anati, “Umufunse, mwana uyu atafa lero pakhomo pakepa, atumiza mthenga kwa yani? Kwa mlamu wake? Mlamu wake abwera kudzakumba manda basi. Maliro ndi anga. Ndiye wa maliro ndine, wa sukulu ndi wina? Umuuze kuti chala ichi boma limachilandira pa msonkho chaka ndi chaka. Chayamba kununkha lero?”

Pomasulira za kununkhazo ndinatseka maso. Ndinamva Bwana akuseka. Anatenga pepala, analitsamiritsa pakhoma, anakhwatcha mawu akuti mwamuna, analemba ena pamwamba, anasaina. Anati wakhala m'dziko lino zaka zambiri ndipo palibe anamuuzapo zimenezi. Palibe anamuuzapo! Apa ndiye pamene pamandiwotcha mpaka lero. Anthu akwathu omwe ali mu ofesi muja, obadwa mwa akazi a Chichewa, oleredwa ndi atsibweni awo, anakhala chete zaka zonsezi. Mzere umodzi umenewo wabweza akazi angati? Amene amuna awo ali ku Halale, ku migodi, ku nkhondo, anabwerera angati ndi pepala m'manja, opanda nkhalamba youma mutu yowakhalira pakhomo?

Bwana analoza kumbuyo kwanga nafunsa kuti nanga mwanayo. Ndinati amayamwa, salira kwambiri. Pomwepo mwana uyu anayamba kulira, anthu inu, ngati wamutsina! Bwana anagwedeza mutu, analemba mawu ena pakona, anati apite naye.

Ndinapita. Ndinakwera lole ya boma, ndinafunda bulangete la boma. Amuna ambiri, akazi awiri, ndipo ife tinkagona kunyumba kwa dona wachipatala, chitseko chokhala ndi loko, amene akufuna akafunse. Esinati ankagona m'dengu pansi pa tebulo langa. Aphunzitsi akumeneko anatiphunzitsa kuti mwana asabwereze chimene sakuchiona. Ukafuna adziwe dzina la kapu, gwira kapu. Ukafuna adziwe kutseka chitseko, adzuke akatseke. Mayeso ndinakhoza, setifiketi ndi iyi, Abusa aiona. Choko sindinatule. Dzana kamtsikana ka Sitandade 1 ndinakauza m'Chingerezi kuti kakatunge madzi, ndipo kanapita kukatunga madzi. Ndinalira m'kalasi, ana n'kumadabwa.

Atsikana muli kumbuyoko, tamvani. Thandizo limeneli liliko, chaka chamawa adzasankhanso. Woyendera akabwera mufunseni nokha, musadikire kuti wina adzakuuzeni, chifukwa sadzakuuzani. Ndipo pamzere uja tsopano chala cha mwinimbumba chikuloledwa.

Alamu ndawakhululukira. Abusa anandithandiza, zinatenga nthawi, ndipo masiku ena ndimayambanso kukhululuka kuyambira pachiyambi. A kuchitsime nanunso ndakukhululukirani. Koma ndikufunsa mpingo uno funso limodzi, ndipo musandiyankhe. Tinali odzaza muno Sabata lija, obatizidwa tonse, odziwa kulemba ambiri. Bwanji Mulungu posowa munthu woti amutume anakachita kutenga wa akazi awiri kumisampha?

Ndikuyamika Mulungu amene anamva pemphero lopanda ulemu. Ndikuyamika Mulungu amene anatsegula makutu anga tsiku lija ndi kumasula lilime langa. Ndikumuyamika chifukwa cha choko, ndi chifukwa cha mwana uyu amene sanagone ndi njala.

Atsibweni abwera lero. Ndinawapempha kuti alowe, akana, ati, “Anzako aja angandiwerenge akazi.” Ali panja apo pansi pa mtengo wa mango, khutu lina silimva bwino. Choncho kondwerani nane, abale, koma musakondwere monong'ona. Amayi, nthungululu! Abambo, m'manja! Tsegulani chitseko icho, tiyimbe mokweza, amve kuti tikuyamika.

Amen.