Thabwa Lotsala

Pa siteji ya Chezi, bambo wina anacheukira mayi amene anafungata thabwa lakale ngati khanda.

"Mayi, thabwa limodzi lomweli mpaka kukwera nalo minibasi?"

"Ndi lotsala la shelefu ya malemu bambo anga. Anaipanga okha ku mishoni, Azungu asanachoke. Mlombwa weniweni, yopanda msomali ndi umodzi womwe."

"Nanga enawo ali kuti?"

"Amuna anga atamwalira sabata yatha, alamu anga anaiphwasula ine ndikulira pa siwa. Akuti matabwa a bokosi anasowa."

"Pepani. Komabe yawasungira ulemu amuna anuwo."

"Ulemu? Munthu uja zaka makumi atatu sanandikhomereko ngakhale kampando. Lero wagona mu mlombwa wa bambo anga, mbale zanga zili pansi."