Boti lowola la pa Ruo linatsala pang'ono kundilowetsa m'ndende

Abale ndi alongo amene mukuwerenga, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandipulumutsira pa mlandu wa imfa ya munthu. Nkhani yake mpaka lero imandichititsa nseru, ndipo gawo lina la nseruyo ndi la ine ndemwe.

Inali nthawi ya Chitaganya, azungu akulamulira dziko lino. Ndinkathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, koma ntchito itachepa m'chilimwe kapitawo anatichotsa ambiri. Ndinatsikira ku Ruo, kumunsi kwa Thekerani, kumene a Lemani anandilemba ntchito yopalasa boti lawo la matabwa lowolotsa anthu. A Lemani anali munthu wolemekezeka, mkulu wa mpingo, wa jekete loyera ndi mapemphero ataliatali. Ambiri owoloka anali anzanga a m'tiyi, opita kutsidya kwa Apwitikizi kukaona abale awo.

Lamulo la boma linali lomveka. Boti liziyenda lili labwino, ndipo lisanyamule anthu opitirira khumi ndi awiri, nambala imene inalembedwa ndi penti pambali pake. Koma a Lemani anali ndi kawerengedwe kawo. Mwana wobereka si munthu, thumba la chinangwa si munthu, wokhala pamiyendo pa mnzake si munthu. Choipa kwambiri chinali thabwa lina lapansi, lomwe linali litawola. Ndinawauza kangapo, iwo n'kungoyankha kuti Mulungu ndiye amasunga. Atamva kuti wa boma akubwera kudzayendera, anatsekera masaka m'ming'alu n'kupaka phula pamwamba, boti n'kumawala ngati latsopano. Amene anagwira ndowa ya phulayo ndine.

Tsiku la ngozi linali Lamulungu masana, mvula itagwa kumapiri, mtsinje utafiira. Tsidya lija panali khamu, aliyense akufuna kukapezeka pa mzere wa ntchito ku esiteti Lolemba m'mawa. Amene sanagwirepo ntchito ya tikiti, yowerengedwa tsiku ndi tsiku, sangamvetse. Ukajomba tsiku limodzi nyengo imene tiyi waphukira, kapitawo amapatsa wina malo ako, ndipo nyumba ya pa esiteti umatulukamo. Anthu ankaopa kapitawo kuposa madzi. A Lemani anaima padoko n'kumakankhira anthu m'boti ndi dzanja lawo, mpaka m'mphepete mwake munatsala pang'ono kufanana ndi madzi. Mtima unandiuza kuti ndikane, koma ndinanyamula nkhafi.

Tili pakati pa mtsinje, thabwa lija linabooka. Bambo wina, a Dulani, anayamba kukapa madzi ndi chitini, koma zinali zosatheka. Boti linamira tikuona. Ambiri tinapulumuka pogwira mabango, koma a Dulani anapezeka patapita masiku awiri, kumunsi kwenikweni.

Apolisi atabwera, a Lemani anagwetsa misozi. Anati ine ndinatenga boti popanda chilolezo chawo, ndili woledzera, ndipo iwo anali kunyumba akuwerenga Baibulo. Ndinanyansidwa kwambiri. Pa anthu onse amene ndinawavuula ndi manja angawa, panalibe ndi mmodzi yemwe amene analola kuchitira umboni. Ena analibe mapepala owolokera, ena ankaopa kujomba kuntchito chifukwa cha khoti. Anzanga a mpingo nawo anati si bwino kuchititsa manyazi mkulu wa mpingo pamaso pa azungu.

Ananditsekera m'chitolokosi ku boma milungu itatu. Mesenjala wina anandiuza mosabisa kuti mlandu wotere ndi wa zaka zambiri. Ndinaganiza za mkazi wanga ndi ana athu awiri, ndipo kupemphera kunandikanika, chifukwa ndikatseka maso ndinkamva mawu a a Lemani akutsogolera pemphero. Chimene ndinatha kunena n'chakuti, Ambuye, ngati mumaona, onani.

Tsiku la mlandu a Lemani analankhula bwino kwambiri, womasulira n'kumangogwedeza mutu. Atatha, kumbuyo kunaimirira mayi wometa mpala wa maliro, atanyamula kanthu kokulunga m'nsalu. Anali mayi Esinati, mkazi wa malemu a Dulani, amenenso anali m'boti tsiku lija. Ndinaganiza kuti abwera kudzandimaliza. Anali atayenda wapansi kuchokera kwa Mphuka, osaitanidwa ndi munthu.

Anamasula nsalu ija n'kutulutsa chidutswa cha thabwa chimene chinawatsalira m'manja pamene ankalimbana ndi madzi. Anauza khoti kuti a Lemani anali padoko, ndipo ndi iwo amene anakankhira amuna awo m'boti. Woweruza anatenga thabwalo n'kulidina ndi chala. Chala chinalowa ngati m'mbatata yophika, ndipo pansi pa phula panatuluka ulusi wa saka. A Lemani anayamba kutsokomola.

Chigamulo chinali chakuti mwini boti apite kundende ndipo chiphaso chake chilandidwe. Ine anandimasula, koma woweruza anandiuza kuti lamulo silimanga mwini boti yekha. Wopalasa naye ali ndi udindo wokana kunyamuka ngati akudziwa kuti boti si labwino, ndipo milungu imene ndinakhala m'chitolokosi ndiyo chilango changa.

Panja ndinathamangira mayi Esinati n'kugwada kuti ndiwathokoze. Sanandipatse dzanja.

"Dzukani, bambo. Ine sindinabwerere inu, ndinabwera chifukwa bodza lija linandinyansa," anatero. "Koma inunso munkadziwa za thabwali."

Ananena zoona, ndipo mawu awowo ndimawamvabe mpaka lero.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipulumutsa kudzera mwa munthu amene anali ndi chifukwa chonse chondisiya kuti ndikawolere m'ndende. Inu amene mwapanikizika ndipo anzanu onse atseka pakamwa, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lake likhale la mawu anayi. Koma inu amene mwagwira nkhafi, kapena chiwongolero, kapena chilichonse chonyamula miyoyo ya anthu, limbani mtima mukane pamene muli padoko. Ine ndinaopa kutaya ntchito, ndipo ntchitoyo ndinaitayabe. Mayi Esinati anataya mwamuna.